Wolemba nkhani zenizeni akakwera pansanja ku Ireland

Kuyambira mu Epulo mpaka mu Novembala, nyuzipepala za ku Ireland zimakhala ndi mitu yakuti wolemba mabuku wakutiwakuti "wanena pa chikondwerero" kuti boma linabisa zinazake, kapena kuti mbiri ya nkhondo inayake ana amaphunzitsidwa mokhotetsa. Woona mutu wotere ali kutali amayamba wadabwa kuti mabuku nawonso ali ndi chikondwerero, chikhalirecho buku munthu amawerenga ali phee payekha. Kenako amafuna kudziwa kulemera kwa mawu onenedwa pamenepo, ngati ali umboni, maganizo a munthu, kapena kutsatsa malonda. Pamavuta kwambiri ndi pamene wolankhulayo sali wopeka nthano, koma wolemba zomwe iye akuti zinachitikadi.

Chikondwerero cha mabuku

Chikondwerero cha mabuku ndi masiku angapo, atatu kapena sabata yathunthu, pamene tauni imaitana olemba kuti adzalankhule pamaso pa anthu ogula matikiti. N'chosiyana ndi msika wa mabuku wa ku Frankfurt ku Germany, komwe makampani osindikiza amagulitsana chilolezo chomasulira ndi kusindikiza mabuku. N'chosiyananso ndi msonkhano wa aphunzitsi a ku yunivesite, komwe aliyense amawerenga pepala lake anzake n'kulisanthula mzere ndi mzere. Chomwe chimafanana nacho ndi chionetsero cha zaulimi. Mlimi wabwera ndi ng'ombe yake yonenepa, anthu akuizungulira, akumufunsa zomwe amaidyetsa, ena akufuna kugula thole. Koma palibe dokotala wa ziweto amene akuitenga magazi pompo.

Chakale kwambiri mwa zikondwerero za ku Ireland ndi Listowel Writers' Week, chomwe chinayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'katauni ka anthu osakwana 5,000 m'dera la Kerry. Ena mwa omwe anachiyambitsa ndi Bryan MacMahon, mphunzitsi komanso wolemba mabuku, ndi John B. Keane, wolemba masewero yemwe anali ndi bala yake m'tauni momwemo. Cúirt cha ku Galway chinayamba mu 1985 chili cha ndakatulo zokha. Dzinali m'chinenero cha ku Ireland limatanthauza bwalo, monga mabwalo omwe alakatuli akale ankakumanapo. Cha mumzinda wa Dublin, chomwe lero chimatchedwa International Literature Festival Dublin, chinayamba mu 1998.

Zoyambazi zinkatsamira pa ndakatulo, nthano ndi masewero. Zomwe zinabwera pambuyo pake zinapereka malo aakulu kwa olemba nkhani zenizeni. Immrama cha ku Lismore, cha 2003, n'cha olemba za maulendo okhaokha. Dalkey Book Festival, cha m'tauni ya Dalkey pafupi ndi Dublin, anachiyambitsa mu 2010 ndi Sian Smyth ndi David McWilliams, katswiri wa zachuma, chaka chomwe dziko la Ireland linakapempha thandizo la €85 biliyoni kuti lisagwe, ndipo chimodzi mwa zolinga chinali kukokera anthu m'mashopu ndi m'malesitilanti a m'tauniyo omwe malonda anali atazilala. Cha ku Borris House m'dera la Carlow chinayamba mu 2012, ndipo Dublin Festival of History, chomwe khonsolo ya mzinda imakonza anthu n'kumalowa ulele, chinayamba mu 2013. Zaka zimenezi si zangozi. Anthu anali ndi njala yomvetsa momwe mabanki anagwera, malipoti okhudza nkhanza m'nyumba zoyendetsedwa ndi mipingo anali akutuluka motsatizana, komanso kuyambira 2012 mpaka 2023 dzikolo linkakumbukira zaka 100 za nkhondo zomwe zinabala ufulu wake ndi kugawika kwa chilumbacho.

"Nkhani zenizeni" ndi thumba lalikulu

Liwu lomwe amagwiritsa ntchito pa mapulogalamu a zikondwererozi ndi non-fiction. Silinena chomwe bukulo lili. Limangoti si lopeka. Zili ngati mayi akuuzeni kuti lero ndiwo si nyama. Mwina ndi nyemba, mwina chisoso, mwina bowa, ndipo kaphikidwe kake n'kosiyana kotheratu.

M'thumba limeneli muli mbiri yakale yofufuzidwa m'zikalata, mbiri ya moyo wa munthu wina, mbiri ya wolemba mwiniwake, za maulendo, kafukufuku wa atolankhani, za chilengedwe, za chuma, ndi zolemba zomwe munthu amangosinkhasinkha pa nkhani imodzi. Chowamanga pamodzi ndi lonjezo limodzi kwa wowerenga, lakuti sindinapeke. Koma lonjezoli limalemera mosiyana. Wolemba mbiri yakale amalonjeza kuti chilichonse chomwe wanena chili ndi chikalata kapena mboni yomwe wina angakaipeze. Wolemba za moyo wake amalonjeza zochepa, kuti umu ndi momwe ndikukumbukirira. Wolemba za maulendo amangolonjeza kuti anafikako ndipo anaona ndi maso ake, ngakhale kuti mwina anagona usiku umodzi wokha m'mudzi womwe akuufotokoza masamba khumi. Dervla Murphy wa ku Lismore, yemwe anamwalira mu 2022, anapalasa njinga ali ndi zaka 60 kuchoka ku Kenya kukafika ku Zimbabwe kudzera ku Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia, ndipo buku la ulendowo, The Ukimwi Road, linatuluka mu 1993. Mmalawi woliwerenga angazindikire misewu yake, komanso angaone malo omwe mlendo wodutsa anamva mbali imodzi yokha. Zonse ziwirizi zimakhalira limodzi m'mabuku a mtundu umenewu.

Ku Ireland ngakhale ofesi ya msonkho inakakamizika kulemba malire. Kuyambira mu 1969 pali lamulo, lomwe anabweretsa ndi Charles Haughey ali nduna ya zachuma, lakuti ndalama zochokera ku ntchito yaluso sizidulidwa msonkho. Lero malire ake ndi €50,000 pachaka. Buku lopeka limalowa mosavuta. La nkhani zenizeni liyenera kugwera m'magulu olembedwa, monga mbiri ya moyo wa munthu kapena kusanthula zaluso, pamene mabuku ophunzitsira m'kalasi ndi utolankhani wamba sizilowa. Pamene buku la moyo wa Bertie Ahern, yemwe anatsogolera boma kuyambira 1997 mpaka 2008, linapatsidwa mwayi umenewu, anthu anatsutsana kwambiri ngati buku la wandale lili ntchito yaluso.

Ola limodzi pansanja

Pafupifupi zochitika zonse ndi za ola limodzi, ndipo si mwambo wongotengera. Holo kapena tenti yomweyo imafunika kutulutsa anthu, kukonza mipando ndi kulowetsa ena pasanathe mphindi 30. Kagawidwe kofala n'kotere: mphindi zitatu kapena zisanu wotsogolera akudziwitsa anthu za mlendo, mphindi zisanu mpaka khumi wolembayo akuwerenga ndime ya m'buku lake, mphindi 35 kapena 40 za kucheza kwa awiriwo, mphindi 10 mpaka 15 za mafunso a anthu, kenako mzere wa osainitsa mabuku pa tebulo la panja. Olemba nkhani zenizeni ambiri sawerenga n'komwe ndime, chifukwa tsamba lodzaza zaka ndi mayina likamawerengedwa mokweza anthu amayamba kusinza. M'malo mwake amaonetsa zithunzi, mapu kapena chikalata chimodzi pa sikirini.

Ntchito yokonza imayamba miyezi yambiri chisanafike chikondwererocho. Kampani yosindikiza imatumiza kwa wokonza pulogalamu mndandanda wa mabuku omwe atuluke, pamodzi ndi makope oyambirira omwe sanakonzedwe komaliza. N'chifukwa chake pansanja mumaona kwambiri olemba omwe buku lawo langotuluka kumene. Katswiri wodziwa nkhaniyo kuposa onse, ngati buku lake linatuluka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nthawi zambiri saitanidwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika pomasulira mitu ya m'nyuzipepala ija: amene ali pansanja wasankhidwa chifukwa ali ndi buku latsopano ndiponso angadzaze mipando.

Zosokonekera ndi zodziwika. Tsiku lotulutsira buku likasunthidwa, wolemba amafika mabuku kulibe, mzere wa osainitsa n'kufera pomwepo. Mvula ya mu Juni ikamamenya denga la tenti, okhala kumbuyo samva kanthu. Laputopu ya wolemba ikakana kugwirizana ndi pulojekita, mphindi khumi zimatha munthu atawerama pa mawaya. Ndipo ngati pansanja aikapo olemba atatu kapena anayi, aliyense amatsala ndi mphindi zosakwana 15, zomwe sizikwanira kufotokoza kafukufuku wa zaka zisanu.

Wotsogolera zokambirana

Uyu ndi amene amakhala pampando wachiwiri, kawirikawiri mtolankhani, wa pawailesi kapena wolemba mnzake. Kalelo wolemba ankaima yekha n'kuwerenga kapena kukamba ngati mphunzitsi. Kucheza kwa awiri kunafala chifukwa kumakoma kumvera, ndipo kumapulumutsa wolemba wamanyazi. Ntchito yake ili ngati ya nkhoswe: wabwera kuti zinthu ziyende, ndipo sangachititse manyazi munthu yemwe waperekeza. Wotsogolera wabwino amakhala atawerenga buku lonse, amakumana ndi wolembayo m'chipinda chodikirira mphindi 20 kapena 30 zisanayambe, amagwirizana zomwe sizikambidwa, ndipo amasunga funso limodzi lolimba lomwe amaliponya pakati pa ola, anthu atazolowerana. Woipa amawerenga chikuto chokha, kapena amafunsa funso lotalika kuposa yankho.

Apa ndi pomwe pali malire aakulu a nsanja imeneyi. Ireland ndi dziko la anthu opitirira pang'ono 5 miliyoni, ndipo olemba, atolankhani ndi osindikiza amadziwana pafupifupi onse. Wofunsa lero ndi wofunsidwa mwezi wamawa. Ena amati zimenezi zimafewetsa mafunso. Ena amati kudziwanako n'kumene kumachititsa wolemba kumasuka n'kuulula zomwe sakananena kwa mlendo.

Maikolofoni ikapita kwa anthu

Mphindi zomalizazo wodzipereka wina amayendayenda ndi maikolofoni pakati pa mipando. Pali nthabwala yakale ya munthu woimirira n'kunena kuti lake si funso kwenikweni koma ndemanga, kenako n'kudya mphindi zisanu. Koma kwa wolemba nkhani zenizeni, gawo limeneli ndiye loopsa, chifukwa m'dziko laling'ono chonchi anthu a m'buku lake, kapena adzukulu awo, akhoza kukhala pamzere wachitatu.

Taonani momwe zimakhalira. Wolemba wangomaliza kufotokoza za munthu yemwe anawomberedwa mu 1921 pomuganizira kuti ndi kazitape. Gogo wina akuimirira pang'onopang'ono, wagwira envelopu, akunena kuti wophedwayo anali mchimwene wa agogo ake ndipo kalata yomwe ili m'manja mwakemo ikunena zosiyana. Holo yonse ili zii. Wolembayo sangayankhe kalata yomwe sanaione, wotsogolera akuyang'ana wotchi, ndipo chomwe chimachitika n'chakuti awiriwo amapangana kukumana pa tebulo losainira. Nthawi zina kukumana kotereku kumabala chikonzero m'kope lotsatira la bukulo. Nthawi zina sikubala kanthu.

Mikangano itatu yodziwika ikusonyeza kusiyana kwa zomwe zimatsutsidwa. Buku la Frank McCourt la ubwana wake wosauka ku Limerick, Angela's Ashes, linatuluka mu 1996 n'kupata mphoto ya Pulitzer ya ku America mu 1997, koma anthu ena a mumzindawo anakana kwamtuwagalu kuti moyo unali choncho, ndipo ena anati anawalemba molakwika abale awo. Umenewu ndi mkangano wa kukumbukira, wofanana ndi wa ana a mimba imodzi omwe pa maliro a bambo awo amafotokoza munthu wosiyana. Palibe chikalata chomwe chingaugamule.

Wachiwiri ndi wa umboni. Pa 28 Novembala 1920, ku Kilmichael m'dera la Cork, gulu la IRA, asilikali omenyera ufulu wa Ireland, lotsogozedwa ndi Tom Barry linabisalira apolisi apadera a boma la Britain, ndipo 17 mwa iwo anafa. Barry ankati adaniwo ananamizira kugonja kenako n'kuyambanso kuwombera. Mu 1998 katswiri wa mbiri wa ku Canada, Peter Hart, anatulutsa buku lokayikira zimenezo, potsamira mwa zina pa anthu omwe anacheza nawo koma osawatchula mayina. Omutsutsa, monga Meda Ryan, anati tsiku lomwe iye analemba kuti anacheza ndi mmodzi wa mbonizo linali pambuyo pa imfa ya womaliza wodziwika mwa omwe anamenya nawo nkhondoyo. Omuikira kumbuyo amati zomwe anapeza zikugwirizana ndi maumboni ena ojambulidwa. Hart anamwalira mu 2010, koma mlandu suola: mpaka lero nkhaniyi ikatchulidwa pansanja m'dera la Cork, manja amakwera ambiri.

Wachitatu ukusonyeza kuti wokhala m'gulu la omvera akhoza kudziwa kuposa wa pansanja. Catherine Corless sanali wa ku yunivesite. Anali wofufuza mbiri ya kwawo ku Tuam m'dera la Galway, ndipo analipira yekha €4 pa chikalata chilichonse cha imfa mpaka anapeza mayina a ana 796 omwe anamwalira pakati pa 1925 ndi 1961 m'nyumba yosungiramo amayi obereka asanakwatiwe, popanda zolemba zosonyeza komwe anaikidwa. Nkhaniyi itamveka mu 2014 ena anamukayikira, koma mu 2017 ofukula anatsimikiza kuti pamalopo pali mafupa a ana ambiri. Chomwe chinatsimikizira nkhaniyi ndi zikalata ndi kufukula. Nsanja zinangothandiza kuifalitsa.

Lamulo la kuipitsa mbiri ya munthu

Omvera ena amadabwa wolemba akamazemba funso n'kunena kuti zili m'buku. Kawirikawiri chifukwa chake ndi loya. Buku lokhudza anthu amoyo lisanasindikizidwe, loya wa kampani amaliwerenga, n'kulemba mzere uliwonse womwe ungabweretse mlandu ndi kufunsa umboni wake. Mawu otsalawo ndi opimidwa ngati mankhwala. Pansanja palibe loya, ndipo wolemba akatengeka ndi kuseka kwa anthu akhoza kuwonjezera liwu limodzi lomwe linachotsedwa dala.

Lamulo la ku Ireland la 2009 linachotsa kusiyanitsa pakati pa zolembedwa ndi zolankhulidwa. Zonse ndi mlandu umodzi. Wodandaula safunika kusonyeza kuti zonenedwazo ndi zabodza. Woyankhulayo ndi amene ayenera kusonyeza kuti n'zoona, kapena kuti anali maganizo ake ochokera pansi pa mtima ozikidwa pa mfundo zoona, kapena kuti anafalitsa mosamala nkhani yokhudza anthu onse. Mlandu uyenera kuyambika pasanathe chaka, ngakhale khothi lingawonjezere mpaka zaka ziwiri. Kubwereza mawu a wina nakonso ndi kufalitsa, choncho chikondwerero chikaika kanema wa zokambiranazo pa intaneti chimasenza nawo mlanduwo. N'chifukwa chake makanema ena amatuluka atadulidwa, ndipo mafunso a anthu nthawi zambiri sawaikamo. Zonenedwa za munthu yemwe anamwalira kale sizibweretsa mlandu wotere, zomwe zikufotokoza chifukwa chake wolemba za 1921 amalankhula momasuka kuposa wolemba za mabanki a 2008.

Ndalama zimachokera kuti, zimapita kuti

Matikiti okha salipira chikondwerero. Pamafunika tenti, zokuzira mawu, inshuwalansi, mahotela, ndi matikiti a ndege a alendo ochokera kunja. Zotsalazo zimachokera ku Arts Council, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1951, ku makhonsolo, ku makampani othandiza, ndi ku thukuta la anthu odzipereka osalipidwa.

Mabuku ogulitsidwa pakhomo amabwera ndi shopu ya mabuku, yomwe imawatenga pa pangano lakuti otsala idzabweza kwa wosindikiza. Wolemba sapata zambiri. Mapangano ambiri amamupatsa pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa buku la chikuto cholimba, ndi pafupifupi 7.5 peresenti pa la chikuto chofewa. Tiyerekeze buku la €20, ndipo agula anthu 40: wolembayo wapata €80, ndipo ngakhale imeneyo saigwira mpaka ndalama yomwe kampani inamupatsiratu itabwerera. Pamenepo wataya masiku awiri, la ulendo ndi la kulankhula.

N'chifukwa chake nkhani ya malipiro a kulankhula inakula. Kwa zaka zambiri zikondwerero zina zinkati kutchuka komwe wolemba amapeza ndiye malipiro ake. Mu 2016 wolemba mabuku Philip Pullman anatula pansi udindo wake pa chikondwerero cha ku Oxford ku England chifukwa sichinkalipira olemba, ndipo phokoso lake linamveka mpaka ku Ireland. Mu 2020 Arts Council inatulutsa ndondomeko yofuna kuti mabungwe olandira ndalama zake azilipira aluso moyenera. Mu 2022 boma linayamba kuyesa kupatsa aluso 2,000 ndalama ya €325 pa sabata.

Zomwe sizinagamulidwe

Kodi chikondwerero chili ndi udindo pa zoona za zomwe mlendo wake wanena? Okonza ena amati iwo ndi eni bwalo chabe, kufufuza ndi ntchito ya wosindikiza. Ena amati kuika munthu pansanja ndi kumuvomereza, ndipo buku lotsutsidwa liyenera kukhala ndi wotsutsa pampando wina. Koma wolemba wodziwa kuti akakumana ndi womutsutsa akhoza kukana kubwera, mipando n'kukhala yopanda anthu.

Ndalama za makampani nazo zili pa mkangano. Mu 2024 zikondwerero za ku Hay ndi Edinburgh ku Britain zinasiyana ndi kampani ya Baillie Gifford, yomwe inkazithandiza ndi ndalama, olemba ena atadandaula za komwe kampaniyo imaika ndalama zake, kuphatikizapo m'makampani a mafuta. Odandaulawo amati wolemba za kusintha kwa nyengo sangalankhule pansi pa chikwangwani chotere. Ena amafunsa kuti ndalamazo zikachoka, adzalipire ndani olemba omwewo, ndipo tikiti idzakwera kufika pati.

Pali funso la mabuku osakaniza, omwe wolemba amafufuza m'zikalata koma pomwe zikalata zathera n'kulowetsapo zongoganizira, nthawi zina osachenjeza wowerenga. Mashopu ndi opereka mphoto sagwirizana shelefu yake, ndipo wotsogolera pansanja sadziwa ngati n'koyenera kufunsa kuti ndime iyi inachitikadi kapena ayi.

Pa lamulo la kuipitsa mbiri, boma linabweretsa bilu mu 2024 yofuna kuti milandu yotereyi ku khothi lalikulu iziweruzidwa ndi woweruza yekha popanda gulu la anthu wamba. Ofalitsa nkhani amati zimenezi zingachepetse zipukutamisozi zokwera mosayembekezereka. Ena amati mbiri ya munthu iyenera kuyezedwa ndi anthu anzake.

Ndipo pali funso la omwe amakhala m'mipandomo. Tikiti, basi kapena sitima, ndi malo ogona m'tauni yaing'ono nthawi ya chikondwerero zimasefa anthu. Buku likhoza kukhala la osowa nyumba ku Dublin, la anthu a mtundu wa Traveller (fuko laling'ono la ku Ireland lomwe mwamwambo limakhala moyendayenda), kapena la ofuna chitetezo omwe akhala zaka m'malo osungiramo othawa kwawo, koma maikolofoni ikamayenda pakati pa mipando, eni nkhaniwo mwina mulibe. Zikondwerero zina zayesa matikiti aulele, zochitika m'malaibulale ndi womasulira m'chinenero chamanja. Ngati zimenezi zikusinthadi omwe amafunsa mafunso, okonza okhawo sanagwirizanebe.